Amayi a Pakhomo, Amene Anakana Kuuzira Pang'ono

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Abambo mfumu atandipempha kuti ndilembe mbiri ya Amayi a Pakhomo m'kalata ya parishi ya mwezi uno, ndinakana kawiri konse. Ndinati aphunzitsi ali mbwee mumpingo muno, olemba bwino kuposa ine. Iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi nkunena kuti, "Aphunzitsiwo ankawadziwa pa benchi. Inu munkawadziwa m'chifuwa." Basi ndinavomera. Ambiri mumandidziwa ndi dzina loti a Lipenga chifukwa cha mawu angawa, ndipo mukudziwa kuti ndinagwira unamwino zaka makumi atatu m'kachipinda koyezera mpweya kuchipatala chachikulu. Ndineneretu poyamba pomwe kuti pa mitolo imene mayi ameneyu anasenza, wina ndinawasenzetsa ndine, ndi cholembera changa.

Anabadwira m'nyumba ya zipinda ziwiri, kuseri kwa shedi ya bambo awo amene anali kalipentala. Ana analimo awiri okha, iwo ndi mlongo wawo wamkulu. Mphumu inawayamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo awo akayamba kupala matabwa, mwana uja chifuwa chinkayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, mpaka mayi awo ankachita kumutengera kumsewu kuti apezeko mpweya. Kusukulu sanapite patali, chifukwa nyengo yozizira ikafika ankajomba milungu yathunthu. Chimene ankachilakalaka kwambiri chinali kuimba kwaya. Analowamo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma mpweya unkawathera mzere uli pakati, ndipo woimbitsa anawauza mwaulemu kuti azingoyendetsa milomo. Anayendetsa milomo chaka chimodzi, kenako anatuluka okha. Ati ankaona ngati akunamiza Mulungu.

Lubani nayenso ankawabanikitsa, nchifukwa chake anasankha benchi lomaliza, pafupi ndi chitseko. Anakhala pamenepo zaka zoposa makumi anayi, ndipo dzina loti Amayi a Pakhomo linachokera pomwepo. Mlendo aliyense wolowa mwamanyazi, iwo ndiwo ankamusendera. Mwana akalira pakati pa ulaliki, ankamulandira kwa make nkutuluka naye. Loweruka ankabwera kudzakolopa, atamanga kansalu konyowa pamphuno, ndipo zoikapo makandulo zija mumaziona zikunyezimira ankazikwecha ndi iwo. Kandulo sankaizimitsa ndi pakamwa ayi, ankachita kuitsina ndi zala. Wina akawaseka ankayankha kuti, "Mpweya si wanga uwu, ndangosungitsidwa. Sindiutaya pa kandulo."

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, mlongo wawo uja ndi mkazi wake anamwalira pa ngozi ya basi, nkusiya ana atatu. Makolo anali atapita kale. Panali bambo wina wokonza mawotchi amene anali atawafunsira, koma atamva za ana atatuwo anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako zii. Iwo sanamunenere choipa ngakhale tsiku limodzi. Anatenga anawo, nkukalembedwa ntchito pa fakitale ya mabulangete, m'chipinda chopunthira thonje. Amene munalowamo mukudziwa. Fumbi lake limayandama ngati utsi, limakhala m'nsidze, m'makutu, m'tiyi momwe. Munthu wa mphumu kumuika mmenemo kuli ngati kuika mchere pamvula. Koma ntchito ina panalibe, ndipo ana ankafunika kudya ndi kuphunzira.

Chiyembekezo chinalipo chimodzi chokha. Fakitaleyo inali ndi lamulo lakuti wantchito amene pepala la kuchipatala lasonyeza kuti mapapo ake ndi ofooka, azichotsedwa ku fumbi nkupita kuchipinda chopindira mabulangete, kumene mawindo amakhala otsegula. Kamodzi pachaka basi inkabweretsa antchitowo kwa ife kuti tiwayeze. Apa ndi pamene ine ndikulowera m'nkhaniyi.

Ndifotokoze mmene tinkayezera, kuti achinyamata mumvetse. Munthu amakhala pampando, timamupana mphuno ndi kanthu kofanana ndi chopanira zovala pachingwe, nkumupatsa chubu kuti alume ndi milomo. Akoke mpweya mpaka chifuwa chidzaze, kenako auzire mwamphamvu, mpaka womaliza weniweni. Makina amajambula mzere papepala. Kuti pepalalo livomerezeke, pamafunika mizere itatu yofanana. Ikapanda kufanana, munthu amabwereza, mpaka kasanu ndi katatu. Ikakanikabe, pansi pa fomu pali malo oti namwino alembepo chifukwa. Ife anatiphunzitsa kuti chifukwa chake nthawi zambiri nchimodzi, munthuyo sakuikapo mtima.

Tsiku loyamba Amayi a Pakhomo analowa atavala diresi la buluu lochapidwa mpaka kutuwa, korona ili m'thumba. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, yunifolomu yoyera mbee, ndikudzimva kuti sukulu ndinaithera.

"Kokani mpweya, amayi! Kokani, kokani! Uzirani! Uzirani, uzirani, musasiye!"

Anauzira mpaka misempha ya m'khosi inaonekera. Mzere unatuluka wotsika ndithu, wa munthu wodwala. Ndinati chabwino, tipeze ina iwiri yofanana ndi umenewu, basi mwapulumuka. Wachiwiri unatsika kuposa woyamba. Wachitatu unatsikanso. Pofika wachisanu ine mtima unali utakwera.

"Amayi, kodi mukusewera nane? Panja pali anthu makumi anayi. Poyamba munauzira bwino, pano mwayamba ulesi?"

"Pepani a nesi," anatero, mawu akutuluka modukizadukiza. "Ndiyesetsa."

Anauzira kasanu ndi katatu. Pomaliza milomo inali itachita mdima. Ine ndinatenga cholembera nkulemba pansi pa fomu mawu amodzi: sakuyesetsa. Ndinasayina, nkudinda. Anaimirira atagwira khoma, nkunena kuti, "Zikomo a nesi, Mulungu akudalitseni pa ntchito yanu." Mmawa mwake anabwerera ku fumbi.

Abale anga, zimenezi sizinachitike kamodzi. Zinachitika zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, ndipo chaka chilichonse ndinkalemba mawu omwewo. Lamlungu ndinkawaona pakhomo paja akusendera alendo, ndipo mumtima ndinkati, taonani, kutchalitchi kuno mphamvu zilipo, koma pampando wanga ndiye ayi. Pa moni wa mtendere ankachoka kumbuyo kuja kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Ine ndinkalandira ndi nsonga za zala. Kalanga ine, ndikakumbukira chanza chimenecho tulo timandithawa mpaka lero.

Zimene zinkachitika kufakitale ndinadzazimva pambuyo pake kwa mwana wamkulu wa mlongo wawo, amene lero ndi telala wathu uja wa pafupi ndi siteji. Antchito anali atatulukira njira yawo. Ankati ukafuna kuchoka ku fumbi, usauzire ndi mphamvu zonse. Uzira pang'ono koyamba, pang'ono kachiwiri, pang'ono kachitatu, mizere ifanana yokha ndipo itsika. Amuna amphamvu zawo, oti akhoza kunyamula thumba la simenti dzanja limodzi, anasamukira kopindira mabulangete mwa njira imeneyi, ine ndemwe ndikuwadindira. Tsiku lina mnzawo wa pamakina anawakokera Amayi a Pakhomo pambali nthawi yopuma.

"Achemwali, mudzafera chiyani? Aliyense akuchita. Inu ndiye odwala enieni, simukunama kanthu."

"Nanga a nesi akati uzirani ndi mphamvu zonse, ine nkuuzira theka, ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti mwachenjera, basi!"

"Ayi, ndiye kuti ndawanamiza. Pakamwa pomwepa mpamene ndimalandirira Ukaristia."

Telala uja, amene nthawi imeneyo anali atakula ndithu, akuti anawagwadira m'khitchini akulira. "Azakhali, bambo ndi mayi anatisiya. Inunso mukufuna mutisiye chifukwa cha chubu?" Iwo analira naye limodzi, nkumupukuta misozi ndi nsonga ya epuloni. Anamuuza kuti, "Mwanawe, ndikayamba kunama ndi mpweya, ndidzakuphunzitsani chilungamo ndi chiyani?" Anapitanso kokalapa kukafunsa, ndipo wansembe wa nthawi imeneyo anawauza kuti iye sakuonapo tchimo lalikulu pamenepo. Anabwerako akuti abambo ndi achifundo, koma chikumbumtima ndi chawo.

Chaka chachisanu ndi chiwiri kunabwera dokotala watsopano, mayi wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula. Ankadutsa pakhonde pamene anamva ine ndikukalipa, nkusuzumira. Anaima kumbuyo kwanga nkunena kuti, "A nesi, taimani kaye." Anaika chomvera chake pamsana pa Amayi a Pakhomo, nkuwauza kuti auzire kamodzi. Anamvetsera. Anawauza kuti auzirenso, nkumvetseranso. Kenako anachotsa chomveracho m'makutu mwake nkundipatsa ine. Nditamvetsera, abale, m'chifuwamo munali mluzu mbali zonse ziwiri, woposa umene unalimo asanayambe.

Anandiitanira pawindo nkuyala pepala lija. "Munthu waulesi mizere yake imalumphalumpha, uwu pamwamba, uwu pansi. Taonani iyi. Ikutsika mwadongosolo ngati masitepe. Anthu ena a mphumu, akakoka mpweya wambiri nkuuzira mwamphamvu, tinjira ta mpweya m'mapapo timafinyika. Akabwereza timafinyikanso. Kuyeza kwenikweniko ndi kumene kukuwatseka. Mayi awa akamayesetsa kwambiri ndi pamene mzere ukutsika kwambiri."

Ndinapita ku kabati nkutulutsa mapepala a zaka zisanu ndi chimodzi. Onse masitepe okhaokha, ndipo pansi pa lililonse panali dzanja langa. Ndinakhala pa mpando wa odwala womwe uja, chopanira mphuno chili m'manja. Amayi a Pakhomo, amene anali atapatsidwa mankhwala opopera mkamwa ndipo anali atayambako kupeza bwino, anandiyang'ana nkufunsa kuti, "A nesi, mwadwala? Ndikutungireni madzi?"

Mwina mukuganiza kuti apa zinthu zinakhala bwino. Nanenso ndinkaganiza choncho. Dokotala analemba kalata ya masamba awiri, ine ndinaitenga ndekha kupita nayo kufakitale. Kalaliki wa kumeneko anaiwerenga yonse bwinobwino, munthu waulemu wake, nkunena kuti akumvetsa, koma buku la malamulo likuti mizere itatu yofanana. Dokotala anayesa njira ina, kuwapatsa mankhwala opopera asanayambe kuuzira. Mizere itatu inafanana ndithu, koma inakwera kupitirira malire a odwala, ndipo kalaliki anati pepalali likusonyeza munthu wabwinobwino. Opanda mankhwala, mizere siifanana. Ndi mankhwala, sakudwala. Kalata ija inapita ku komiti, komiti inaitumiza kulikulu, kulikulu anayankha patatha miyezi isanu ndi inayi kuti wantchitoyo akayezedwenso. Dokotala uja anasamutsidwa chaka chomwecho. Ine ndinapita kufakitale kasanu, mpaka alonda a pageti anayamba kundipatsa moni ndi dzina. Mawu angawa, amene amamveka kuyambira kuguwa mpaka kumsewu, sanasunthe kanthu ngakhale kamodzi.

Tsono Amayi a Pakhomo anabweranso pampando wanga, chaka chachisanu ndi chitatu. Ndinatseka chitseko. Ine amene ndinkakalipira anthu kuti aziuzira mwamphamvu, ndinagwada pambali pawo nkunong'ona.

"Amayi, ndimvereni. Lero muuzire pang'onopang'ono katatu konse. Ine ndi amene ndikukuuzani, ndiye simukundinamiza."

Anatembenukira kwa ine. "A nesi, inunso?"

"Inenso, amayi. Ndatopa nako kukuonani mukutha."

"Nanga pepalalo likupita kwa inu? Likupita kwa kalaliki uja. Pamwamba pake palembedwa kuti wodwala anauzira ndi mphamvu zake zonse, inu nkusayina. Ndikunamizitseni inu, mayi wa ana, chifukwa cha ine?"

"Tchimolo likhale langa!"

"Mng'ono wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula choncho, "tchimo sapatsirana ngati ambulera. Ndipatseni chubucho."

Ndinawapatsa. Sindinakuwe tsiku limenelo. Anakoka mpweya okha, nkuuzira okha ndi mphamvu zonse, ndipo mzere unatsika, wachiwiri unatsikanso. Pa wachitatu ndinawalanda chubu. Pansi pa fomu ndinalemba zonse zimene dokotala anandiphunzitsa, mpaka malo anatha, ndipo ndinapitiriza kuseri. Palibe amene anatembenuza pepalalo.

Anakhala m'fumbi zaka zina zinayi. Mwana wamkulu uja anamaliza maphunziro a utelala, wachiwiri anayamba kuyendetsa galimoto, wotsiriza anali kusekondale. Onse ankawachonderera kuti asiye ntchito, iwo ankati adikire wotsirizayo alembe mayeso. Pa chaka chakhumi ndi chiwiri analowa m'kachipinda kanga atatsamira pa phewa la telala. Anauzira katatu, ndipo kwa nthawi yoyamba mizere itatu inagona pamodzi, yofanana ndendende, pansi penipeni pa pepala. Tinjira tija tinali titauma, panalibenso choti nkufinyika. Ndinawauza ndikulira kuti pepala lavomerezeka. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ha, ndakhoza mayeso tsopano? Mayi anga akanamva!"

Fakitale inalandira pepalalo mosavuta. Inayankha kuti munthu wa mapapo otere sangathenso ngakhale kupinda mabulangete, ndipo inawapumitsa ntchito. Chipinda cha mawindo otsegula chija sanagwiremo ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Zaka makumi awiri zotsatira ambiri mukuzidziwa. Kukolopa kunawakanika, ndiye ankakwecha zoikapo makandulo atakhala pansi. Kuchokera kunyumba kufika kutchalitchi ndi mtunda wa mphindi khumi, iwo ankayenda ola lathunthu, akupumira pa mpanda wa sukulu, pa sitolo ya mankhwala, ndi pa mtengo wa pageti. Sanachedwepo Misa. Odwala mphumu a m'parishi muno ankawatumiza kwa iwo, ndipo ankawaphunzitsa kugwira bwino mankhwala opopera kuposa mmene ife anamwino tinkachitira. Ana oopa kukayezedwa ankawauza kuti, "Mukakapeza a Lipenga musaope, amangokuwa koma saluma." Kunena zoona ndinali nditasiya kukuwa. Aliyense amene mizere yake yayamba kutsika ngati masitepe ndinkamuimitsa pa wachitatu nkuitana dokotala, ndipo anamwino onse amene ndinawaphunzitsa ntchito amadziwa zimenezi. Anthu ambiri anathandizika chifukwa cha chifuwa cha mayi ameneyu, kupatula mwini wake.

Nditapuma ntchito ndinkapita kwawo Lachitatu lililonse masana. Tsiku lina, akusenda mbatata pakhonde, ndinalimba mtima nkuwafunsa ngati sadandaula.

"Masiku ena ndimadandaula," anayankha. "Ndikamva kwaya ikuimba bwino ndimati, ukanauzira pang'ono iwe, bwenzi pano ukungoyenda wekha kupita kumsika. Musaganize kuti ndine mwala. Koma ndikafika pa chubu paja ndinkalephera, basi. Kaya ndi chikhulupiriro, kaya ndi liuma la bambo anga, akandiuza okha Ambuye."

Ndinawapempha kuti andikhululukire. Anati anandikhululukira kale basi isanatuluke pageti la chipatala, chaka choyamba chomwe. Kenako anaika mpeni pansi. "Koma mawu aja munalemba aja ankandiwawa, mng'ono wanga. Fumbi ndinkalipirira. Koma kuti sindikuyesetsa?" Anapukusa mutu nkupitiriza kusenda. Pazaka zonsezi, dandaulo lawo pa ine linali lokhali, ndipo analinena kamodzi.

Anamwalira mwezi wathawu, Lachisanu mmawa dzuwa litalowa kale m'chipinda, atalandira sakramenti la odwala. Ana atatu aja analipo ndi ana awo, inenso ndinalipo. Anapempha kuti titsegule windo. Telala anayambitsa korona, ndipo iwo ankatsatira ndi milomo yokha. Ine, ndi khutu langa la ntchito, ndinkamva mpweya uliwonse ukuchepa kuposa unzake, masitepe omwe aja. Ndinadziwa pamene tafika, ndipo panalibe choti ndingachite koma kuwagwira dzanja ndi manja anga awiri. Pa chigawo chachitatu cha korona anatulutsa mpweya pang'ono, mwakachetechete, osaukokanso. Nkhope inali ngati ya munthu amene watula mtolo pakhomo pa kwawo.

Abambo mfumu anati ndimalize ndi phunziro. Ndavutika nalo, abale. Sindingakuuzeni kuti mwana wanu akakhala m'fumbi akane njira yotulukira, chifukwa ine ndemwe ndinagwada kuwapempha kuti aitenge, ndipo lero lomwe ndikanagwadanso. Chimene ndikudziwa nchakuti pakati pathu panakhala munthu amene sanathe kunama ngakhale ndi mpweya wake, ndipo ife ophunzira, a mafomu ndi zidindo, tinamutcha waulesi. Musanalembe mawu pa dzina la munthu, yambani mwamvetsera pamsana pake.

Pokonza zovala zawo, telala anapeza m'buku lawo la mapemphero kope ya fomu yoyamba ija, itapindidwa kanayi, itachita chikasu. Anandipatsa ine. Tsiku la maliro, bokosi lisanatsekedwe, ndinapempha cholembera kwa katekisiti. Ndinakhwatcha mawu aja, nkulemba pamwamba pake kuti: anayesetsa. Ndinaika tsiku, ndinasayina dzina langa lonse monga mwa ntchito, nkuwaikira m'manja pamodzi ndi korona. Ndikudziwa kuti ndachedwa ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo palibe kalaliki amene adzaliwerenge. Benchi la pakhomo likadali lopanda munthu, ndipo Lamlungu lapitali mlendo wina anaima pachitseko nthawi yaitali, kusowa womusendera.

Mzimu wawo uuse mumtendere, ndipo inenso muzindikumbukira m'mapemphero anu.